Mmene Amalume Anadyera Udokotala Wanga

Anthu akandifunsa chifukwa chake sindinakhale dokotala, ndimangoti Mulungu anali ndi njira ina. Yankho limeneli limathetsa nkhani msanga, ofunsawo n'kugwedeza mutu mwaulemu. Koma zoona zake n'zakuti udokotala wanga unadyedwa. Unadyedwa dzuwa likuswa mtengo, pansi pa mango kwathu ku Nyimba, utathiridwa mchere ndi nsinjiro, ine mwini wake ndikuonerera.

Zinali m'masiku a Chitaganya. Mwana wakuda kufika Fomu Sikisi nthawi imeneyo inali nkhani yoti midzi yoyandikana iimve, ndipo ine ndinali nditangosankhidwa kupitiriza pa sukulu yathu ku Lusaka. Chimwemwe chake ndinkayenda ngati pansi sindikupondapo. Kutsogolo kunali yunivesite, koma malo athu kumeneko anali ochepa, a udokotala ndiye osanena, choncho aliyense ankadziwa kuti maphunziro amene usankhe pa Fomu Sikisi ndiwo akutsegulire chitseko kapena kukutsekera. Anzanga anzeru anasankha atatuatatu monga analangizira aphunzitsi. Ine ndinasankha anayi: Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, n'kuwonjezapo Masamu. Ndinkafuna kuikaponso Histole, phunziro limene ndinkakhoza ngakhale ndikuwodzera, koma aphunzitsi aakulu anandifunsa ngati ndinabadwa ndi mitu iwiri. (Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndikudziwa, koma pa msinkhu umenewo ndinkaona ngati miyambi anapangira anthu amene sanapite ku sukulu.)

Vuto linali pa Bayoloje, ndipo popanda Bayoloje za udokotala iwalani. Chipinda chake chinali chaching'ono, mipando yochepa, ofuna ambiri. Mphunzitsi wake, mzungu amene tinkamutcha Ndevuzamoto chifukwa cha ndevu zake zofiira, anatisonkhanitsa tsiku lotsekera sukulu.

"Amene akufuna mpando m'kalasi mwanga," iye anatero, "abwere kuchokera ku tchuthi ndi mafupa a kanyama kamodzi. Onse, kuyambira mutu mpaka mchira, oyera bwino, olumikizidwa pa thabwa monga analili kanyamako kali moyo. Ndidzatenga amene manja awo ndi odekha. Otsalawo akafune maphunziro ena."

Anzanga okulira m'tauni nkhope zinagwa. Ine ndinatsala pang'ono kuvina. Munthu wa Kum'mawa, wokulira pakati pa mauna, kuuzidwa kuti khomo la udokotala ndi mbewa imodzi yokha! Ndinakwera basi ya kwathu ndi bokosi la mabuku anayi onenepa, ndipo pamene tinkawoloka mlatho wa Luangwa n'kuti m'maganizo mwanga nditavala kale chovala choyera.

Kwathu mwana ndi wa amalume ake, ndiye ine ndinali wa aMumba, alongo awo a amayi anga. Bambo anali ku migodi, ndipo zonse za sukulu yanga ankaziyendetsa ndi amalumewa. Anali mlimi wa mtedza ndi thonje, munthu wa mawu aakulu, mtima waukulu, ndi mimba yosadziwa kukana. Iwo ndiwo anandikweza pa njinga tsiku loyamba kupita ku sukulu, ndipo kuyambira pamenepo anali ndi pempho limodzi lokha.

"Nikalibe kufa," ankatero, "nifuna muphwa wangu anilase jekeseni. Apa pamene, pa thako."

Nditawauza kuti ndasankha maphunziro anayi pamene anzanga asankha atatu, sanadikire kuti ndivule nsapato. Anandigwira dzanja n'kuzungulira nane mudzi wonse, khomo ndi khomo, akulengeza kuti, "Anzake atatu, uyu anayi. Muoneni bwino, ni dokotala uyu." Pofika madzulo dzina langa linali litafa. Aliyense ankangoti aDokotala, ndipo mayi wina anabweretsa kale mwana wa chifuwa kuti ndimuone.

Tsono ndiuzeni, munthu amene akutchedwa aDokotala, wovala nsapato ndi masokosi, angayambe bwanji kunena kuti tsogolo lake lonse lili pa kukumba mbewa? Komanso panali china. Kwathu munthu wofuna nyama amamveka. Koma wofuna mafupa okha, oyera, oyalidwa mwadongosolo pa thabwa, anthu amayamba kumuyang'ana cham'mbali. Ndinaganiza zochita zonse mwakachetechete. Ndinagawa masiku m'mutu mwanga: m'mawa Fizikisi, masana Kemisitiri, madzulo Masamu, ndipo mbewa tsiku limodzi lokha, poti n'zinthu zimene ndinkazidziwa kuyambira ndili wosavala.

Ndinayamba ndi diwa, msampha uja wa mwala wophwatalala. Ndinautchera m'munda wa mtedza wokololakolola, ndipo m'mawa mwake ndinapeza wagwa. Ndinathamanga mtima uli m'mwamba. Nditatukula mwalawo ndinakumbukira chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa, koma Fomu Sikisi inali itandiiwalitsa: diwa siligwira mbewa, limaisita. Inali yafulati ngati tsamba la fodya. Mafupa ake akanafunika kuwatola ndi chipande.

Ndiye ndinatenga khasu. Ndinauza amayi kuti ndikupita kukawerengera kutchire kumene kulibe phokoso, buku m'khwapa, khasu nditalibisiratu kuseri kwa chulu. Ndinapeza una wabwino, n'kutseka kothawira, n'kufukiza utsi kuti mwini wake afe osamenyedwa. Manja anga a ku Lusaka anatuluka matuza, koma pomaliza ndinamutulutsa: kapuku wonenepa, wathunthu, wosathyoka pena paliponse. Ndinamuphika m'chitini kuseri kwa nkhokwe, popanda mchere, mpaka nyama inayamba kulekana ndi mafupa. Ndinamuika pa thandala kuti azizire, ine n'kulowa m'nyumba kukafuna singano ndi ulusi.

Potuluka ndinapeza amalume ataima pa thandala paja, akutafuna. Kamchira kokha ndi kamene kanali kakadali panja pa milomo, ndipo ndikuyang'ana choncho nako kanalowa.

"Ni iwe waphika aka?" anandifunsa.

"Inde, amalume."

"Sukulu yakuononga. Mbewa yopanda mchele? Ku Lusaka kulibe mchele?"

Muyenera kudziwa kuti kwathu mbewa sitisiyako kanthu. Mutu, nthiti, miyendo, zonse zimapita, ndipo kukoma kwake kuli pa kukukuta mafupawo. Ndinaima pamenepo ndikumva msana wa kapuku wanga ukuphwanyika pang'onopang'ono m'kamwa mwa munthu amene ankafuna jekeseni. Apa ndi pamene ndikanalankhula. Mawu anafika pakhosi, koma amalume anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Osadandaula aDokotala, kuphika si nchito yako," ndipo ine ndinangoseka nawo ngati chitsiru.

Ulendo wachitatu ndinaganiza zogwiritsa ntchito nzeru za m'kalasi. Ndevuzamoto anali atanenapo kuti nyerere zimatsuka mafupa bwino kuposa mpeni. Ndinakumba mbewa ina, n'kuisenda, n'kuiika m'chitini choboolaboola, n'kukulunga ndi kansalu kuti nkhuku zisaione. Chitinicho ndinachibisa pansi pa tsindwi kuseri kwa kanyumba kanga, ndikudziyamikira kuti pano ndiye sayansi yayamba. Masiku oyamba zinkayenda bwino zedi. Nyerere zazing'ono zinkagwira ntchito yawo mwaulemu, ndipo ndikasuzumira ndinkaona tinthiti toyera tikuonekera. Ndinkachoka pamenepo ndikuimba mluzu.

Kenako uthenga unafika kwa linthumbu. M'mawa wina tinadzidzimuka ndi nkhuku zikulira m'khola, mbuzi zikudumpha, mzere wakuda ukudutsa pakati pa bwalo. Amalume anatuluka kuti aone, n'kuponda pakati penipeni pa mzerewo, ndipo gule amene anavina tsiku limenelo sindinamuonenso kwina kulikonse. Amayi anatenga phulusa lamoto n'kuyamba kulondola mzerewo kuti aone kumene ukupita. Unawafikitsa kuseri kwa kanyumba kanga. Anatokosa ndi ndodo, chitini n'kugwa, kansalu n'kumasuka, timafupa toyera n'kumwazika pa mapazi awo.

Amayi sanakuwe. Anakhala pansi pomwepo, manja pamutu.

"N'nadziwa," anatero motsitsa mawu. "N'nadziwa kuti sazamuleka mwana wangu. Anthu ali na nsanje pa mudzi pano."

Ndisanatsegule pakamwa, timafupa tanga tonse tinali pamoto, amayi akuthirapo mchere ndi kupemphera. Amalume, akudzikandabe m'miyendo, analamula kuti ndisanabwerere ku Lusaka paitanidwe aDaka, mkulu wa mpingo wa ku Ndake, adzandipempherere ndi kuyeretsa pakhomo. Apanso ndikanalankhula. Koma munthu ungauze bwanji mayi ako, misozi ili m'maso, kuti mfiti imene akuiopayo ndi iwe amene? Ndinaweramitsa mutu ngati wolodzedwa weniweni. (Ndiulule kuti chisoni chimene anthu ankandimvera masiku amenewo chinkandikomeranso pang'ono. Anandiphikira ndi mazira omwe.)

Nanga mabuku anayi aja? Tchuthi chinali chikutha, ine ndisanapitirire mutu woyamba wa Fizikisi. Masiku onse anathera ku mauna. Tsiku lina nditatsegula bokosi ndinapeza kuti pamene ine ndinkasaka mbewa kutchire, mbewa za m'nyumba zinali zikuphunzira Masamu. Zinadya ngodya yonse ya bukulo, mbali imene kumakhala mayankho.

Mantha anandigwira tsopano. Ndinasiya za mbewa n'kutsikira ku mtsinje, kumene kuli bango ndi minda ya nthochi, n'kutchera khwekhwe wa waya pa kanjira ka nchenzi. Amene simuidziwa nchenzi, ndi mkulu wa mbewa zonse, yonenepa ngati mwana wa nkhumba, mafupa ake olimba ndi ooneka bwino. Ndinayendera msamphawo kangapo osapeza kanthu. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, tsiku lomwe aDaka ankabwera, ndinaipeza itakodwa pakhosi, yathunthu, yokongola kuposa chilichonse chimene ndinali nditaonapo. Ndinaikumbatira. Anzanga akabwera ndi tiachule ndi timileme, ine ndikatsitsa chinyama ichi pa tebulo la Ndevuzamoto, ndipo mpando wakutsogolo ukakhala wanga. Ndinathamanga nayo kudzera kuseri kwa mudzi, n'kuisenda, n'kuitumbula mosamala, n'kuiika mumphika wakale kuseri kwa nkhokwe. Ulendo uno ndinalumbira kuti sindichokapo mpaka fupa lomaliza litalowa m'thumba mwanga.

Nyama itangoyamba kufewa, ndinamva mawu a amalume.

"ADokotala! Tenga njinga ukachingamile aDaka ku msewu. Mwendo wao uvuta."

Amalume akatuma, sufunsa kuti bwanji osatuma wina. Ndinaphimba mphikawo ndi buku la Kemisitiri (ntchito yokhayo imene linagwira pa tchuthi chonse), n'kupalasa njinga ngati ndikuthawa njati. Koma pobwerera sizinatheke kuthamanga. ADaka anali munthu wamfupi, wolemera, wokonda kulonjera. Aliyense amene tinakumana naye panjira, tinkaima, iwo n'kutsika, n'kufunsa za ana, za mbuzi, za chifuwa cha agogo, kenako n'kukweranso. Tinafika pakhomo dzuwa lili pamutu.

Fungo ndi limene linandiuza. Linatichingamira tisanalowe m'bwalo, fungo la nsinjiro ndi tomato, ndipo pansi pake panali fungo lina limene ndinalizindikira. Amayi anatuluka akumwetulira, n'kugwada kulonjera mlendo, kenako anandikokera pambali.

"Wacita bwino mwana wangu," anandinong'oneza. "N'nali na nkhuku imodzi cabe, n'nali kuda nkhawa. Koma ukaphikila alendo uziika mchele. Nakonza ine."

Ndinathamangira kukasuzumira mumphika. Chokhacho chimene chinanditonthoza n'chakuti nyamayo inali itafewa kale, ndiye amayi sanaidule ndi mpeni, anangoibenthula ndi manja. Mafupa anali akadali athunthu. Anangosiyana malo okhala.

Tinakhala pansi pa mango atatu: aDaka, amalume ndi ine. Mbale ya nkhuku apa, mbale ya nchenzi apo. Monga wamng'ono ndinasambitsa akuluakulu m'manja, n'kukhala mwaulemu, poti mwana satola nyama akulu asanatole ndipo salankhula akulu akudya. ADaka anapemphera pemphero lalitali. Anadzudzula onse oyenda ndi mafupa, onse okwirira zinthu kuseri kwa nyumba za anzawo, napempha kuti manja awo aume. Ine ndinali nditatsinzina diso limodzi, linalo likuwerenga nthiti m'mbale.

Atangoti amen, amalume anatola mwendo wakumbuyo. Anaukukuta kumapeto, n'kuyamwa, n'kuuponya kumbuyo kwawo kumene galu wathu ankadikira. Ndinatambasula mwendo wanga ngati ndikudziwongola, n'kuliponda fupalo galu asanafike. Galuyo anandiyang'ana modabwa, poti chibadwire chake sanaonepo munthu wopikisana naye pa ntchito imeneyi. Ndinalitola mwakabisira n'kuliika m'thumba la malaya anga oyera a sukulu. ADaka anaponya lawo, ndinaliwakha ndi phazi. Fupa lachitatu galu anandipambana, n'kuthawira nalo kuseri kwa khola.

Basi nkhondo inayambika. Akulu akuponya, ine ndi galu tikulimbirana. Ndinayamba kudya mofulumira kuposa mmene mwana waulemu amadyera, ndikusankha zidutswa za mafupa ambiri, kuzisenda ndi milomo mosamala, n'kulavulira m'dzanja. Thumba la malaya linatupa, mafuta akutsikira pamimba. Thukuta linali kamukamu.

"Muphwa wanu akonda nyama," aDaka anauza amalume.

"Ni maphunzilo," amalume anayankha monyadira. "Anayi. Amadya thupi."

Kenako amalume anachita zimene mwini khomo aliyense waulemu amachita. Anatola mutu wa nchenzi, n'kuupereka ndi manja awiri kwa mlendo. Mutu umenewo ndiwo unali chuma changa chonse, ndi mano ake aakulu achikasu aja. Mwendo ukhoza kusowa munthu n'kupeza chonena, koma mafupa opanda mutu ngakhale Ndevuzamoto sakanawayang'ana kawiri. ADaka anaulandira mokondwa. Anadya masaya, anayamwa maso, kenako anautembenuza n'kuuika pakati pa mano a m'mbali kuti auswe apeze bongo. Anthu a kale anali ndi mano, abale.

Sindikumbukira kuti ndinadzuka bwanji. Ndimangokumbukira kuti ndinali nditagwira dzanja la mkulu wa mpingo ndi manja anga onse awiri, mbale ya nkhuku itagubuduka, ine ndikukuwa kuti, "Musatafune! Bambo, chonde, musatafune!"

Aliyense anasiya kutafuna. Ndi galu yemwe anaima. Pamene ndinawerama paja thumba linakhuthuka, ndipo mafupa onse amene ndinabisa anagwera pamphasa, pamaso pa munthu amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Ndake kudzathana ndi wosunga mafupa. Amayi anatuluka m'khitchini chikho chili m'manja. ADaka anayang'ana mafupawo, n'kuyang'ana ine, mutu wa nchenzi ukadali pakamwa. Anautulutsa pang'onopang'ono.

"AMumba," anatero, "lomba mfiti yamene mwaniitanila ni iyi?"

Ndinafotokoza zonse nditagwada. Za Ndevuzamoto, za mipando yochepa, za thabwa, za diwa, za chitini. Ndinkalankhula mothamanga, mawu akupunthana, ndipo manyazi amene ndinawathawa tchuthi chonse anandipeza onse pa kamodzi.

"Chitini cija cinali cako?" amayi anafunsa. "Ine nakhala osapatsa moni aneba athu amake Tisa masiku onse aya, kuwaganizila ufiti, cifukwa ca iwe?"

ADaka anayamba kuseka, kuseka kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Koma amalume sanaseke. Anayang'ana chidutswa cha msana chimene chinali m'dzanja mwawo, chotafunidwa kale mbali imodzi.

"Kaja kopanda mchele," anafunsa motsitsa, "kanali ka sukulu?"

"Inde, amalume."

"Na iyi?"

"Na iyi."

Anachiika pansi mosamala ngati dzira. "Ninshi nadya sukulu ya mwana kawili," anatero. "Iwe, pakamwa unapatsiwa pa cinji? Sembe unakamba, sembe n'nakukumbila thumba lonse."

Kenako anadzambatuka, mawu awo aakulu aja atabwerera. Analamula kuti aliyense alavule chimene chili m'kamwa. Amayi anapatsidwa lichero kuti apete dothi la pansi pa mango. Amalume eni ake anathamangitsa galu kuzungulira khola, akumunyengerera ndi mayina aulemu, koma galuyo anali atameza kale. ADaka, m'malo moyeretsa pakhomo, anakhala pamphasa n'kumatsuka mafupa m'mbale yosambira m'manja, mutu uja atausunga pa chipewa chawo. Thabwa linasowa, ndiye amalume anazula chokhalira cha mpando wawo umene munthu wina aliyense sankaloledwa kukhalapo.

Masana onsewo tinalumikiza ndi ulusi, phula ndi ulimbo. Ndinaonadi kuti mafupa ena ndi opepuka modabwitsa, ena aatali kuposa anzawo, poti mbale ya nkhuku ija inagubudukira pamalo omwewo. Koma aliyense anali ndi maganizo ake. Amalume ankati, "Ili lilowa apa, ona mwamene likwanila," aDaka n'kuvomereza, ndipo ine, dzuwa likupendeka, basi ili m'mawa, ndinangoti likwane. Titamaliza tonse tinaimirira n'kuchiyang'ana chinthucho. Amalume anati sanaonepo nchenzi yooneka yophunzira chotero, ndipo kunena zoona nanenso chiyembekezo chinandibwerera. Ndinachinyamula pamiyendo ulendo wonse wa ku Lusaka, anthu m'basi akununkhiza n'kumafunsana kuti ndani wanyamula ndiwo.

Tsiku losankha, matabwa anandandalikidwa pa tebulo. A anzanga anali oyera mbee: chule, njiwa, mleme. Langa linali lalikulu kuposa onse, lachikasu, ndipo ntchentche imodzi inali italipeza kale. Ndevuzamoto anayenda pang'onopang'ono, akuwerama pa lililonse. Atafika pa langa anaima nthawi yaitali. Ananunkhiza.

"Nyama iyi imakhala kuti?"

"M'bango, bwana, m'mphepete mwa mtsinje."

"Imauluka?"

"Iyayi, bwana."

Analoza ndi pensulo mwendo wakutsogolo wa kumanzere. Linali phiko la nkhuku ya amayi, lomangidwa bwinobwino ndi ulusi. Pensulo inasunthira pa mutu, pamene panali timaenje tiwiri tooneka bwino.

"Apa analuma ndani?"

"Mkulu wa mpingo, bwana."

"Nanga mwendo wina wakumbuyo uli kuti?"

"Uli mwa galu, bwana."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Ndevuzamoto anandiuza kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi, ndipo pamene ndinkafika pa linthumbu n'kuti iye atakhala pansi, akupukuta misozi ndi ndevu zake zomwe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kusekako kundipulumutsa. Atapuma anandiyang'ana mokoma mtima n'kunena kuti, "Manja ako sindinawaone. Koma nkhani umatha kuifotokoza. Pita ku Histole, ndipo utenge maphunziro atatu ngati munthu."

Mpando sindinaupeze. Ndinatuluka ndi thabwa langa n'kukalira kuseri kwa nyumba yogonamo, kulira kwenikweni, kwa mamina. Sindinkalirira chovala choyera ayi. Ndinkalirira amalume, ndi thako lawo limene linkadikira jekeseni. Ndinatenga Histole, Chingerezi ndi Jogalafe, ndipo ndi maphunziro atatu amenewo amene pambuyo pake anandilowetsa ku yunivesite. Masamu ndinawasiyira mbewa zija, poti zinali zitayamba kale.

Uthenga woti mzungu wakana unafika kwathu. Patapita milungu ingapo, bambo wina wa kwathu woyendetsa lole anandipeza pa chipata cha sukulu atanyamula chitini chachikulu chomangidwa ndi luzi.

"Amalume ako akuti upatse mzungu asankhepo yekha," anatero. "Akuti ukambe kuti palibe walawako, olo iwo."

Nditatsegula ndinapeza mbewa zouma zodzaza chitini, zathunthu, zosathyoka pena paliponse, iliyonse atayikulunga payokha m'thonje la m'munda mwawo. Mipando inali itadzaza kalekale, ndipo ndinadziwa kuti kupita nazo kwa Ndevuzamoto n'kungowonjezera nthabwala. Anzanga a Kum'mawa anandizungulira, ndi ena omwe amene anapeza mipando ya Bayoloje, ndipo tinazigawana. Nditaluma yoyamba ndinasiya kutafuna. Inalibe mchere. Munthu amene ankati mbewa yopanda mchere ndi chipongwe anakumba, kuphika ndi kuyanika chitini chonse osathira ngakhale kambewu kamodzi, poganiza kuti umu ndi mmene sukulu imafunira.

Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine mwambi umenewu ndinaumvetsa mochedwa, ndili ndi mbewa m'kamwa. Ana amene ndawaphunzitsa Histole zaka zonsezi ndimawauza zinthu ziwiri: musasenze maphunziro oposa mutu wanu, ndipo chimene mukufuna muzinena anthu asanasambe m'manja. Ngati ineyo ndinaphunzirapo, funsani akazi anga, amene mpaka lero amadandaula kuti ndikadya nkhuku ndimandandalika mafupa m'mphepete mwa mbale.

Amalume sindinawabaye jekeseni mpaka anamwalira. Koma sanasiye kunditchula aDokotala, ndipo sananenepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndinawakhumudwitsa. Tsiku la chitini cha mbewa lija, anzanga anathamangira kukhitchini kukapempha mchere. Ine zanga ndinadya choncho, mafupa ndi onse.